Liwu loti fulsome: kodi ndi kuyamika kapena kunyoza?

Tiyamike: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni ndi liwu ili la Chingerezi: fulsome. Likundizunguza mutu. Pena ndinawerenga kuti munthu wapereka "a fulsome apology" ndipo wolembayo amaoneka kuti akumuyamikira kuti wapepesa mokwanira. Pena ndinapeza "fulsome praise" koma apo zimaonekeratu kuti akumuseka wotamandayo. Ndiye lenileni ndi liti? Ndi labwino kapena loipa?

Wa ku Joni: Likuchokera ku full basi. Chinthu chodzadza, chokwanira. Osavutika nazo mlongo.

Aphunzitsi Gondwe: Ayi, achimwene, musasocheretse mwana. Liwuli ndi mfotokozi, ndipo si loyamika. Limanena za chinthu chimene chachuluka mpaka kuipa. "Fulsome praise" ndi chitamando chosyasyalika, chija womva amachita nacho manyazi chifukwa akudziwa kuti wolankhulayo akukokomeza, mwina akufuna kenakake. Amene analemba "a fulsome apology" pofuna kunena kupepesa kochokera pansi pa mtima analakwitsa. Ndaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma ntchito, tanthauzo ndi lomwelo.

Wa ku Joni: Pepani aphunzitsi, koma kuno kuntchito bwana wathu amalemba pa imelo kuti "please send a more fulsome report". Ndiye akufuna lipoti losyasyalika? Kkkk

Aphunzitsi Gondwe: Bwana wanu akufuna lipoti latsatanetsatane, koma wasankha liwu lolakwika. Kukhala bwana sikudziwa galamala.

Mayi a Pempho: Ine ndili mbali ya aphunzitsi, koma pang'ono chabe. Kuno ku Leeds ndimalimva m'njira zonse ziwiri. Pa wailesi andale amati "fulsome tribute" munthu wotchuka akamwalira, ndipo sakunyoza maliro ayi. Koma Mngelezi wachikulire akakuuza kuti kalata yako yothokoza inali "rather fulsome", usasekerere. Wakubaya. Anthu akuno akafuna kunyoza safuula, amangoika "rather" kapena "a little" patsogolo, nkhope ili gwa.

Tiyamike: Ndiye mwandisokonezeratu tsopano mayi.

Nachisale: Dikirani ndifike kunyumba, ndili mu minibasi. Nkhani ya liwu limeneli ndi yaitali ndipo onse awiri, aphunzitsi ndi achimwene a ku Joni, aliyense wagwira mbali yake imodzi yokha.

Chimwemwe K: Tikudikira madamu a ku laibulale.

Nachisale: Ndafika. Tiyambe ndi kapangidwe kake. Ndi full kuphatikiza kachidutswa ka kumapeto koti some, kamene timakapezanso mu troublesome, tiresome, wholesome, handsome. Kachidutswaka kamasandutsa liwu kukhala mfotokozi wonena kuti chinthu chili ndi khalidwe lakutilakuti. Ndiye pamene liwuli linayamba kulembedwa, m'zaka za m'ma 1200, linkatanthauza zimene achimwene a ku Joni anena: chochuluka, cha mwanaalirenji. Panalibe chipongwe chilichonse. Kenaka linayamba kunenedwa za thupi, munthu kapena chiweto chonenepa bwino, chodya mokhuta.

Apa ndi pamene linakhotera. Kuchoka pa kukhuta kufika pa kukhuta mopitirira ndi pafupi. Linayamba kunenedwa za chakudya chimene chachuluka mafuta kapena kutsekemera mpaka munthu kuchita nacho nseru. Ife timati chakudya chakola. Nyama yamafuta nthuli yoyamba imakoma, yachisanu umangoiyang'ana. Kukola kumeneko ndiye mtima wa tanthauzo loipalo. Pofika m'zaka za m'ma 1600 anthu anali atalisamutsa kuchoka pa mbale kupita pa malankhulidwe: mawu otamanda amene akola.

Aphunzitsi Gondwe: Mwaonatu. Akola. Ndi zimene ndikunena.

Nachisale: Musafulumire aphunzitsi, sindinamalize. Palinso china chimene chinakankhira liwuli kumbali yoipa. Anthu ankalimva ngati likuchokera ku foul, chinthu chonyansa kapena chonunkha, chifukwa kale mawu awiriwa ankalembedwa ndi kumveka mofananako. Samuel Johnson, wolemba wa ku England, mu dikishonale yake ya 1755, anapereka matanthauzo oipa okhaokha: chochititsa nseru, chonunkha, cholaula. Ndipo iye ankakhulupirira kuti gwero lake ndi foul. Tanthauzo labwino lija linali litazimiririka moti ngakhale katswiri ngati ameneyo sanalilembe. Koma m'zaka za m'ma 1900 linadzukanso, chifukwa munthu aliyense akaona fulsome maso ake amaona full. Lero matanthauzo onse awiri ali moyo, ndipo madikishonale akuluakulu monga Merriam-Webster amawalemba onse.

Wa ku Joni: Ndiye ine ndi bwana wanga tikulankhula Chingerezi cha makolo, cha 1200. Aphunzitsi ndi amene abwera mochedwa kkkk

Aphunzitsi Gondwe: Mwana iwe. Ukalamba wa tanthauzo si umboni woti ndi lolondola lero. Liwu loti nice kale linkatanthauza wopusa, linachokera ku Chilatini nescius, wosadziwa. Silly linkatanthauza wodala. Kodi mawa ukauze abusa kuti ndi silly ponena kuti ndi odalitsika? Tanthauzo limene linafa, linafa.

Nachisale: Chitsanzo chanu ndi chabwino aphunzitsi, koma chikukutsutsani. Palibe munthu lero amene amati silly pofuna kunena wodala. Limenelo linafadi. Koma fulsome wa "chokwanira" akumulankhula anthu ambirimbiri, ophunzira bwino, tsiku ndi tsiku. Chakufa sichilankhulidwa pa wailesi.

Loya Wamng'ono: Ndilowepo pamenepa. M'ntchito yathu liwuli lili ponseponse, makamaka m'zolemba zochokera ku America ndi ku Canada. "Fulsome disclosure" ndi kuulula zonse osabisa kanthu. "A fulsome response" ndi yankho losasiya mfundo. Palibe woweruza amene amawerenga zimenezo n'kuganiza kuti loya akunena za kusyasyalika. Chitsanzo chodziwika: pa 8 May 2017 Sally Yates, amene anagwirizirapo udindo wa mkulu wa zamalamulo m'boma la America, akupereka umboni ku komiti ya Senate (nyumba ya malamulo ya ku America) pa nkhani ya Michael Flynn, amene anali mlangizi wa pulezidenti pa zachitetezo, ananena kuti akufuna mayankho ake akhale fulsome ndi comprehensive. Tsiku limenelo anthu ochuluka anathamangira ku dikishonale ya pa intaneti kukafufuza liwuli, ndipo mkangano womwe tili nawo panowu unabuka kumenekonso. Mayi ameneyo sankalonjeza kuti anyengerera maseneta. Ankati ayankha mokwanira.

Aphunzitsi Gondwe: Maloya mwawononga mawu ambiri, ili si loyamba.

Loya Wamng'ono: Kkkk tavomera bambo. Koma chilankhulo si cha aphunzitsi okha.

Aphunzitsi Gondwe: Si cha aphunzitsi okha, inde. Koma funsani akonzi a nyuzipepala. Buku la malangizo a kalembedwe la Associated Press, bungwe lofalitsa nkhani la ku America, limauza atolankhani kuti liwuli ndi la chinthu chopitirira muyeso monyansa, asaligwiritse ntchito ponena chochuluka. Nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain nayo imachenjeza olemba ake kuti "fulsome praise" si mawu oyamikira. Amenewa ndi anthu amene amadya za Chingerezi. Si ine ndekha wokakamira.

Nachisale: Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi siitha. Madikishonale amalemba zimene anthu akulankhula. Mabuku a akonzi amalemba zimene akufuna atolankhani awo alembe. Ntchito ziwiri zosiyana. Dikishonale ikuti matanthauzo alipo awiri, mkonzi akuti m'nyumba mwanga muno ndikufuna limodzi. Onse sakunama.

Chimwemwe K: Funso langa ndi lachibwana koma ndifunsebe. Limatchulidwa bwanji? Ndimati "fal-som" ngati mu fun.

Mayi a Pempho: Ayi mwanawe, chiyambi chake chimamveka ngati full yemweyo, "ful-sam", mphamvu ili pa "ful". Ndipo polemba ndi l mmodzi. Ambiri amaika awiri.

Chimwemwe K: Zikomo mayi. L winayo anapita kuti?

Nachisale: Chingerezi chimakonda kutaya l mmodzi full akaphatikana ndi liwu lina. Taonani fulfil, careful, handful. Kutayika kwa l ameneyu mwina kunathandizanso kuti anthu akale aiwale kuti gwero ndi full.

Tiyamike: Madamu, mwati m'zaka za m'ma 1600 linali loipa kale. Ndiye Shakespeare analigwiritsa ntchito bwanji? Aphunzitsi athu amati mawu ambiri amapezeka mwa iyeyo.

Nachisale: Analigwiritsa ntchito, ndipo mosiyanasiyana. Mu sewero la Twelfth Night, Olivia atatopa ndi kufunsiridwa ndi Orsino, akunena kuti nyimbo yake yachikondi yomweyomweyo yafika pokhala fat ndi fulsome m'makutu mwake. Taonani kuti waliika pamodzi ndi mafuta, kukola kuja. Mu Richard III, mzimu wa Clarence ukudandaula za vinyo amene anamizidwamo, n'kumutcha fulsome wine, vinyo wotsekemera mochititsa nseru. Koma chosangalatsa kwambiri chili mu The Merchant of Venice. Shylock akufotokoza nkhani imene tonse timaidziwa ya pa Genesis 30, ya Yakobo akuweta ziweto za Labani n'kumaika nthyole zosendedwa pamene zikukwerana. Nkhosa zazikazi zija akuzitcha fulsome ewes, kutanthauza kuti zinali pa nyengo yofuna mphongo. Ndiye mwa wolemba mmodzi muli kukola, nseru, ndi chilakolako.

Wa ku Joni: Eee, ndiye bwana wanga akufuna lipoti lotani kwenikweni? Ndayamba kuopa kkkkk

Adimini: Achimwene a ku Joni, pagulu pano pali ana asukulu.

Wa ku Joni: Pepani a Adimini, ndi Shakespeare wayambitsa.

Abiti Saidi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine sindikuona chodabwitsa kuti liwu limodzi likhale ndi nkhope ziwiri. Ifenso tili nawo. Ndikati mwana uyu ndi wochenjera, ndamuyamikira. Ndikati samalani naye mkulu ameneyo, ndi wochenjera, ndakuchenjezani kuti akuberani. Wokhwima ndiye kwambiri. Mtsikana wokhwima maganizo ndi wofunika, koma mukamva kumudzi akuti mdala uja ndi wokhwima, mumadziwa kuti sakunena za msinkhu. Palibe amene amasokonezeka chifukwa nkhani yake imakuuza.

Aphunzitsi Gondwe: Mayi, mwafika pamene pali vuto lenileni, koma mwalidumpha. Ndi wochenjera kapena wokhwima, matanthauzo awiriwo amakhala m'ziganizo zosiyana, ndiye womva amadziwa. Fulsome vuto lake ndi loti matanthauzo onse awiri amakwana m'chiganizo chimodzi chomwecho. "The chairman paid fulsome tribute to the outgoing treasurer." Tandiuzani, wapampando anayamikira msungichuma mokwanira, kapena anakokomeza mochititsa manyazi? Chiganizo sichikukuuzani. Owerenga awiri atuluka ndi nkhani ziwiri zotsutsana, ndipo aliyense akhulupirira kuti wamva bwino.

Abiti Saidi: Apo ndiye mwandigwira. Ndi zoona, pamenepo sungadziwe.

Loya Wamng'ono: Ndivomereze mbali imeneyo. Ndi report, account, disclosure, explanation, discussion, palibe chisokonezo chifukwa lipoti silisyasyalika munthu. Chisokonezo chimabwera liwuli likakhala pafupi ndi praise, tribute, thanks, apology, compliment, welcome. Amenewa ndi mawu amene munthu angathe kuwanena moona kapena mwachiphamaso, ndiye fulsome amangowonjezera utsi.

Nachisale: Mfundo ya a Loya ndi imene Tiyamike ayenera kuisunga. Yang'anani dzina limene mfotokoziyu akulifotokoza. Kenaka yang'anani amene walemba ndi mawu oyandikana nawo. Mukaona embarrassingly, rather, almost, somewhat, kapena wolembayo akuoneka kuti sakumukonda munthu amene akumunenayo, ndi chipongwe. Mukaona kuti ndi wandale kapena mneneri wa kampani akulankhula za mnzake, kawirikawiri akutanthauza zabwino, kaya aphunzitsi akondwe kaya asakondwe.

Aphunzitsi Gondwe: Sindikondwa.

Mayi a Pempho: Kkkk aphunzitsi inu. Koma ndiwonjezere za apology, popeza ndi pamene mwanayu anayambira. Kuno munthu akalakwiridwa, amatha kunena kuti akufuna "a full and fulsome apology". Ine zimandiseketsa chifukwa ngati fulsome ndi full, wabwereza liwu limodzi kawiri, ndipo ngati ndi tanthauzo la aphunzitsi, ndiye kuti akupempha kuti amupepese monama. Njira zonse ziwiri sizikumuthandiza. Ndikuganiza kuti ambiri amalikonda chifukwa limamveka lolemera kuposa full. Full ndi liwu la mwana wa Sitandade 3, fulsome likumveka la munthu wovala tayi.

Chimwemwe K: Matenda amenewo tili nawonso kuno. Pa ukwati kapena pa mwambo wotsanzikana, munthu akapatsidwa maikolofoni amafuna liwu lalikulu loti anthu aombe m'manja, tanthauzo adzaliona mawa.

Bambo a Dalitso: Mwandikumbutsa. Loweruka likubwerali ndapatsidwa ntchito yopereka mawu othokoza pa mwambo wotsanzikana ndi mkulu wathu amene akupuma ntchito. Padzakhala alendo ochokera kunja, ndiye ndilankhula m'Chingerezi. Ngati fulsome ndi woopsa chonchi, ndiike liti? Ndikufuna kunena kuti tikuwathokoza kwambiri, kuchokera mumtima.

Aphunzitsi Gondwe: Heartfelt thanks. Kapena sincere, warm, wholehearted. Onsewa alibe mbali yachiwiri. Mukafuna kunena kuti ena anawayamikira mowolowa manja, generous praise. Lavish praise limanenanso zochuluka, koma layamba kupendekera ku kupyola muyeso, ndiye samalani nalo.

Nachisale: Palinso effusive. Limeneli limanena za munthu amene mawu achisangalalo akungosefukira, mwina mopitirira pang'ono, koma silimunena kuti ndi wachinyengo. Munthu wa effusive angakutopetseni koma akunena zoona. Munthu wa fulsome, m'tanthauzo loipalo, mumamukayikira. Koma pa mwambo wanu bambo, tengani heartfelt wa aphunzitsiyo. Effusive ndi liwu lofotokozera wina, simunganene nokha kuti "my effusive thanks".

Bambo a Dalitso: Ndalemba. Zikomo akuluakulu.

Tiyamike: Nanga likafuna kunena zoipazo popanda chisokonezo, pali mawu ena?

Aphunzitsi Gondwe: Alipo ambiri. Cloying ndi kukola kwenikweniko. Unctuous, lochokera ku liwu la Chilatini la mafuta odzola, ndi munthu wa mawu oterera. Obsequious ndi wodzigwetsa pamaso pa akuluakulu kuti amukonde. Sycophantic ndi wa mlomo wosyasyalika mabwana. Koma taonani chimene chikundiwawa ine. Palibe limodzi mwa amenewa limene limagwira ndendende ntchito ya fulsome, yonena kuti chitamando chachuluka mpaka chasanduka chonyansa. Pamene full ali ndi abale ambirimbiri: complete, thorough, detailed, comprehensive. Ndiye anthu atenga liwu limene linali ndi ntchito yakeyake n'kulipatsa ntchito imene ena anali kuigwira kale. Tataya chida, sitinapindule kanthu.

Loya Wamng'ono: Dandaulo limenelo ndikulimva bambo, ndipo ndi lomveka kuposa kunena kuti enawo ndi osaphunzira. Koma simungalibweze. Ana amene akukula pano akulimva kwa andale ndi m'maofesi, osati kwa Johnson.

Aphunzitsi Gondwe: Kulibweza sindingathe. Koma pa pepala langa ndili ndi ufulu.

Chimwemwe K: Ndiye mwana wa Fomu 4 akalemba pa chimangirizo kuti "the villagers gave the visitors a fulsome welcome", mumuchonga bwanji aphunzitsi? Cholakwa?

Aphunzitsi Gondwe: Ndisanawerenge zimene alemba madamu Nachisale ndikanadula ndi cholembera chofiira osaganiza kawiri. Panopa ndingalembe mzere kunsi kwake n'kumuitana, ndimufunse kuti umafuna kunena chiyani. Akati kulandira bwino, ndimuuza alembe warm. Malikisi sindimuchotsera, koma liwulo lichoke.

Nachisale: Imeneyo ndiye nkhani yabwino ya lero, aphunzitsi asiya cholembera chofiira.

Aphunzitsi Gondwe: Sindinasiye. Ndangochiika m'thumba.

Abiti Saidi: Funso lina madamu. Ndinaonapo m'magazini akunena za mayi kuti ali ndi "fulsome figure". Pamenepo ndi chipongwe?

Nachisale: Kawirikawiri ayi, amatanthauza thupi lodzadza bwino, ndipo ndi tanthauzo lakale lija la kunenepa labwereranso. Olemba za nyimbo nawo amati "fulsome sound" ponena mawu a zoimbira omveka mokhathamira. Koma ine sindingamuuze mayi mnzanga maso ndi maso. Akakafufuza n'kupeza tanthauzo la Johnson, chibale chatha.

Wa ku Joni: Madamu, popeza muli pompo, nanga noisome? Ndi munthu waphokoso eti? Tili naye wina kuno ku hositelo.

Nachisale: Ayi, limenelo silikhudzana ndi noise ngakhale pang'ono. Likuchokera ku liwu lakale loti noy, lomwe ndi chidule cha annoy. Limanena za chinthu chonunkha kapena chonyansa, monga dzala kapena ngalande ya zoipa. Mukamutcha mnzanuyo noisome ndiye kuti mwamuuza kuti sasamba.

Wa ku Joni: Nalonso likumukwana.

Adimini: Achimwene a ku Joni, chenjezo lachiwiri.